Nyumba ya Mlongo Wanga Ili Tsidya Liti?

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri la sabata yachitatu ya mwezi wa Epulo, chaka chachiwiri nkhondo ya Azungu itatha. Ndinadandaula pakamwa, nditaimirira pakhonde la ofesi, chipewa chili m'manja. Kachiwiri ndinadandaula ndi kalata, Lolemba lotsatira. Kachitatu munali mu Juni, thonje likupita kumsika. Kuyambira pamenepo ndinasiya kusunga masiku m'mutu. Ali pamapepala, ndipo mapepalawo ali m'bokosi lachitsulo limene ndimapachika kudenga poopa chiswe ndi madzi. Kalata iliyonse ndinkailemba kawiri, ina yawo, ina yanga. Papita zaka zitatu, yankho sindinalandire.

Nkhani yake ndi ya nyumba ya mlongo wanga. Ikapanda kuyankhidwa mvula ya chaka chino isanagwe, iye ndi ana ake atatu achoka kuno, ndipo pa msinkhu wangawu sindiyembekeza kudzawaonanso. N'chifukwa chake ndikulemba zonse monga zinachitikira, ndi kulakwa kwanga komwe.

Bambo anga anali mmodzi wa amtengatenga aja amene anabwera ndi Azungu oyamba kuchokera ku Zambezi, nakhazikika m'chigwa muno. Mayi anali Mmang'anja wa kwa Makhuwira, ndipo ife tinakula motsata kwa mayi. Mlongo wanga ndi ana ake ndi mbumba yanga. Iye ndi chitsirizira, ine ndine woyamba, ndipo pakati pathu onse anamwalira. Ndinaphunzira kulemba kumishoni, ndipo zaka zambiri ndinagwira ntchito padoko, yolemba mabelo a thonje pamene ankawakweza. Ntchito imeneyo inandiphunzitsa kuti chinthu chosalembedwa chimasowa, ndipo cholembedwa molakwika chimamangitsa munthu. Ndinakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Mlongo wangayo anakwatiwa ndi Msena, mwamuna wofatsa, woimba ulimba, choimbira chija cha timatabwa ndi zikho. Chimfine chija chimene chinabwera nkhondo ikutha chinamutenga m'masiku anayi. Anasiya mkazi, ana atatu, ulimba wake, ndi nyumba ya bango yomata ndi dothi pachitunda cha pafupi ndi doko, pansi pa migwalangwa iwiri. Abale a mwamunayo amakhala kutali, kumunsi kwa Nsanje, kupitirira malire a Apwitikizi. Pa mwambo wawo ana ndi a kwa bambo. Atabwera kumaliro tinakambirana mwamtendere, ndipo anati ana akhale ndi mayi awo malinga ngati angathe kuwadyetsa.

Ankatha ndithu. Pachitundapo ankafulula mowa wa mapira, nagulitsa kwa opalasa mabwato ndi kwa onyamula thonje. Apaulendo amene dzuwa lawalowera asanawoloke ankapeza nsomba zowamba ndi mbatata zootcha, nagona pakhonde. Loweruka masana mlamu wake wamng'ono, amene anatsala kuno, ankaimba ulimba wa malemu uja ndi anzake awiri, ndipo anthu ankavina mpaka fumbi kufika pamasamba a migwalangwa.

Kenaka linabwera lamulo loti nyumba iliyonse ya pafupi ndi doko yogulitsa mowa, yodyetsa apaulendo dzuwa litalowa, kapena yosonkhanitsa anthu ndi zoimbaimba, ikhale ndi chilolezo cha boma. Mlongo wanga sadziwa kulemba, ndipo kuofesi ankafuna dzina la mwamuna. Ndinapereka langa. Ine mowa sindimwa. Akulu a mpingo anandiitana, nandikhazika pansi, nandiletsa mgonero miyezi isanu ndi umodzi chifukwa dzina la Mkhristu linali papepala la mowa. Ndinavomera chilangocho osanyinyirika, pakuti ana a mlongo wanga ankadya.

Chilolezocho ndili nacho. Chinatchula dzina langa, zinthu zitatu zololedwazo, ndi malo: nyumba ya pansi pa migwalangwa iwiri, pafupi ndi doko, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Masiku amenewo Shire ndiye anali malire. Kum'mawa kunali ofesi yake ndi mzungu wake, kumadzulo kunali ina. Ife tinali a kum'mawa, ndipo ndi kumeneko kumene chilolezo chinachokera.

Mu Febuluwale wa chaka chimene ndatchula poyamba chija madzi anabwera. Kwathu mvula sinagwe yambiri, madziwo anachokera kumapiri. Anazungulira chitunda masiku asanu ndi atatu, ife tili pamwamba ndi mbuzi, nkhuku, ndi mabanja ena anayi. Ataphwa, tinatuluka kukaona doko. Doko panalibe. Kutsogolo kwa nyumba, kumene Shire ankayenda chibadwire changa, kunali mchenga ndi matope, milamba ikuphiriphitha m'timadziwe. Mtsinje unali utaboola kuseri, pamene panali munda wa mchewere, ndipo unkathamanga wakuya, wofiira, utanyamula mitengo. Nyumba inali pomwe inali. Migwalangwa inali pomwe inali. Koma Shire tsopano anali kum'mawa kwathu.

Anthu a kuno sadabwa ndi zotere. Opalasa anangokokera mabwato awo kuseri kwa nyumba, napitiriza ntchito. Mlongo wanga anaboola khomo lina kukhoma la kumbuyo. Mmodzi wa opalasawo anamufuulira ali m'bwato, amvekere, “Mayi, mwawoloka Shire ndi nyumba yomwe, ife osatiitana! Mwakwera bwato la yani?” Anthu anaseka, mowa unagulidwa, ulimba unalira monga kale. Zikanathera pomwepo.

Lamulungu lina, nditabwera kopemphera, ndinatulutsa mapepala anga kuti awombedwe ndi dzuwa, chifukwa chinyezi chinali chitalowa m'bokosi. Ndinawerenga chilolezo chija, ndipo maso anga anaima pa mawu akuti kum'mawa. Ndinapita nacho kwa mlongo wanga. Ndinamupeza akuyanika chimera pamphasa.

“Achimwene, nkhope yatero bwanji? Pepala lakulumani?”

“Likunama,” ndinatero. “Likuti tili tsidya la kum'mawa.”

“Ndiye lisiyeni lizinama. Ladya chiyani chanu?”

“Pali dzina langa. Sindingasunge bodza lokhala ndi dzina langa.”

“Wanama ndi Shire, si inu. Akafuna akamange Shireyo.”

“Ndi mawu amodzi okha, achemwali. Afafaniza, alemba ena, basi. Mawa lomweli ndabwera.”

Anaongoka, nadzipukuta manja pansalu. “Mukupita kukayankha anthu amene sanafunse,” anatero. “Khalani pansi, ndikuotchereni mbatata.”

Sindinakhale pansi. M'mawa mwake ndinakwera bwato, ndinawoloka, ndinayenda kupita kuofesi ya kum'mawa.

Mlembi wa kumeneko anali mwana wa mnzanga wa padoko, ndinamudziwa akadali kumbuyo kwa mayi ake. Atamva nkhani yanga anayang'ana kukhomo la mzungu, natsitsa mawu.

“Bambo, mwauzako wina?”

“Ayi, ndayambira pano.”

“Pindani pepalalo mubwerere. Ine sindinakuoneni.”

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti bambo ake sanali munthu wobisa zinthu, ndipo ndinalankhula mokweza kotero kuti mzungu anaitana kuchokera m'kati kufunsa chimene chikuchitika. Mlembi analowa ndi chilolezo changa. Sanakhalitse. Atatuluka, pepala linali ndi mzere wa inki yofiira kuchokera pangodya ina kufika pa inzake. Anandifotokozera osandiyang'ana kumaso: dziko la mzungu wake limathera pamadzi a Shire, ndipo za kutsidya si zake. Sangakonze chilolezo cha nyumba ya m'dziko la mnzake, ndiponso sangachisiye chamoyo. Anandipatsa kakalata kopita nako kumadzulo. Kakalatako ndili nako, pakuti kumadzulo anangokawerenga nandibwezera.

Kuofesi ya kumadzulo ndi ulendo wa masiku awiri wapansi, ndipo Malichi kuno dzuwa limapsereza nyerere. Mlembi wa kumeneko sankandidziwa. Anandimvera mpaka kumapeto, natsitsa mapu aakulu, nawayala patebulo, nawatsindira ndi botolo la inki. Pamapupo Shire anali m'njira yake yakale. Chitunda chathu chinali kum'mawa.

“Mwaona, bambo? Nyumba yanu si yathu.”

“Mapuwa ndi akale. Mtsinje unasuntha mwezi watha. Bwerani mudzaone.”

“Ine sindiyendera mitsinje. Ndimaona mapu.”

“Nanga mapu amakonza ndani?”

“Mzungu woyeza malo.”

“Abwera liti?”

“Akadzabwera.” Anatsegula buku lake, naviika cholembera. “Mwati nyumbayo ikugulitsa mowa panopa?”

Ndinati inde, pakuti inali ikugulitsa. Analemba. Ndinaona dzanja lake likuyenda, ndipo ndinazindikira chimene ndachita, koma mawu anali atatuluka kale.

Ndinafika kumudzi Lachisanu madzulo, mapazi atatupa. Ndinauza mlongo wanga kuti ayambe waleka mpaka zinthu zitalongosoka. Anandilozera mbiya ziwiri zazikulu zimene zinali kuthovola pakona.

“Wapsa kale,” anatero. “Muuzeni mowawo ubwerere ukakhale mapira.”

Loweruka loyamba silinabwere ndi kanthu, lachiwiri chimodzimodzi, ndipo ndinayamba kupuma. Loweruka lachitatu, dzuwa litapendeka pang'ono, ulimba uli pakati pa nyimbo, anafika amesenjala atatu a kumadzulo. Wamkulu wawo anali munthu waulemu. Anandipatsa moni ndi manja awiri, napempha kuona chilolezo. Ndinamuonetsa. Kuwerenga sankadziwa, koma mzere wofiira ankaudziwa.

“Pepani, akulu. Ichi chinafa.”

“Ofesi yanu inandiuza kuti nyumba ino si yanu,” ndinatero. “Mukulanda bwanji m'nyumba imene si yanu?”

Anakanda kumutu, nayang'ana njira imene anadzera. “Ife tayenda wapansi kuchokera kuofesi mpaka pano, madzi sitinawoloke. Pamene tafika osawoloka, pamenepo ndi pathu.”

Mowa anakauthira mumchenga wa njira yakale ya mtsinje. Mbiya ziwiri zija anazimanga m'makoka. Atagwira ulimba, mlamu wamng'ono uja anaugwira mbali inayo.

“Nkhabe!” anakana mokuwa m'Chisena chake. “Uwu ndi wa mkulu wanga amene anafa. Mowa tengani, uwu usiyeni. Ulimba umaledzeretsa ndani?”

“Anatiuza zonse zosonkhanitsa anthu,” anatero mesenjala. “Siya, mphwanga, ungapite nawo limodzi utamangidwa.”

Mlongo wanga sanalire. Anaima pakhomo latsopano lija, dzanja lili pakamwa. Ine ndinachita chokhacho chimene ndimadziwa. Ndinaumirira kuti andipatse pepala la zimene atenga. Poti sankalemba, ndinalemba ndekha: mbiya ziwiri zazikulu zosang'aluka, ulimba umodzi wa timatabwa makumi awiri, kalikonse ndi chikho chake pansi. Wamkulu wawo anapaka chala mwaye wa pamphika, nadinda. Pepalalo ndili nalo, ndipo chala chake chikuonekabe bwino. Lachiwiri lotsatira ndilo tsiku limene ndatchula poyamba paja.

Kuyambira pamenepo ndayenda pakati pa maofesi awiriwa kufikira sindikumbukanso nsapato zingati zatha. Kum'mawa amati ndipite kumadzulo chifukwa madzi ali kum'mawa kwa nyumba. Kumadzulo amati ndipite kum'mawa chifukwa mapu akutero. Ndinapempha kuti mzungu wina alembere mnzake, agwirizane okhaokha. Anandiuza kuti analemberana. Ndinapempha kuona kalatayo. Anati makalata a Azungu saonetsa. Ndinapempha chilolezo chongodyetsa apaulendo, chopanda mowa, chopanda ulimba. Anati chilolezo chilichonse chimatchula malo, ndipo malowo ndiwo akuvuta. Ndinafunsa ngati tingasamutse nyumba. Anati tingathe, koma chitunda chokhacho ndicho sichimira, ndipo aliyense wa kuno akudziwa zimenezo.

Chaka chatha ndinamva kuti mzungu woyeza malo wafika kufupi ndi Bangula. Ndinamulondola masiku atatu, bokosi langa lili pamutu. Ndinamupeza pansi pa mtengo, akuyang'ana m'kachipangizo kake ka miyendo itatu. Womasulira wake anandimvera, nalankhula naye pang'ono, nabwerera kudzandiuza kuti bwanayo anatumidwa kuyeza msewu, za mtsinje si zake. Anandipatsa madzi akumwa. Ndinalemba tsiku ndi malo, ndipo pepalalo lili m'bokosi.

Ulimba uli kukhonde la kuseri kwa ofesi ya kumadzulo. Nthawi iliyonse ndikapita ndimazungulira kukauona. Ulendo woyamba unali wabwinobwino. Wachiwiri ndinapeza mavu atamanga m'zikho. Pachibowo cha chikho chilichonse malemu uja anamatapo kachikopa koyera ka mazira a kangaude, kamene kamachititsa ulimba kulira monjenjemera. Ankatha masiku akufunafuna tizikopa timeneti m'madenga a anthu. Tonseto tinayoyoka. Ulendo wina ndinapeza kathabwa kamodzi katachirikiza zenera la ofesi kuti lisatsekeke ndi mphepo. Ndinawerenga totsala mwezi wathawu, ndi khumi ndi tinayi. Ndinauza mlembi kuti pepala langa likuti makumi awiri. Anati katundu wolandidwa amabwezedwa mlandu ukatha, ndipo mlanduwu sunayambe chifukwa sakudziwa woti auzenge. Mbiya imodzi ili ndi maluwa pakhomo la ofesiyo. Inayo sindinaionenso.

Mwana wa mnzanga uja, mlembi wa kum'mawa, anakumana nane pamsika wa thonje. Anandikokera pambali, nati, “Bambo, pirirani. Mwina Shire adzabwerera m'njira yake, ndiye zonse zidzakhala monga kale.” Ankandifunira zabwino. Koma m'njira yakaleyo mwamera bango lotalika kuposa munthu, ndipo anthu ayamba kulimamo mbatata.

Opalasa anapirira nafe miyezi ingapo, kenaka anasamutsira doko kumtunda, kumene munthu wina anamanga nyumba pamalo osakayikitsa, nalandira chilolezo chake m'sabata imodzi. Sindimuda. Mlamu wamng'ono anapita kukagwira ntchito kunjanji. Mlongo wanga amatola thonje m'minda ya eni, ndipo nyengo ya thonje ikatha amalowa m'dambo kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene anthu amadya pa njala. Amalowa mpaka m'chifuwa, m'madzi a ng'ona, natuluka miyendo ili ndi misundu. Sananditukwanepo ngakhale tsiku limodzi. Akaphika amanditumizirabe mbale yanga. Ndikanakonda akanandilalatira.

Kamodzi kokha, atandipeza ndikuyanika mapepala, anaima nawayang'ana nthawi yaitali.

“Akwana angati tsopano, achimwene?”

“Makumi atatu ndi anayi.”

“Tiphike ati lero?”

Anaseka pang'ono ponena zimenezo, napita. Ine sindinathe kuseka.

Mwezi wathawu anabwera mlamu wamkulu, mkulu wake wa malemu, kuchokera kumunsi kuja. Ndi munthu wodekha. Anakhala pamphasa, nadya zimene zinalipo, nayang'ana ana nthawi yaitali. Ndinatsitsa bokosi, ndinamuonetsa zonse mwadongosolo, chilolezo cha mzere wofiira, kakalata ka kum'mawa, pepala la chala cha mwaye, makalata anga onse. Anagwira lililonse mosamala, nalibweza.

“Alamu,” anatero, “mapepala ndawaona, ndipo ndaona kuti mwayenda. Palibe anganene kuti munakhala pansi. Koma dzulo anawa adya chiyani?”

Pa mwambo wa kwa mayi anga ndikanatha kukana, n'kunena kuti ana ndi mbumba yanga. Koma mwinimbumba amakana ali ndi nkhokwe, ndipo ine maso ayamba kuchita khungu, khasu limandilemera. Mlamuyo anati mvula yoyamba ikagwa, madzi akakwera, adzatumiza bwato lalikulu. Akadzapeza nyumba yatsegulidwa, ulimba ukulira, bwatolo lidzabwerera lopanda anthu, pakuti iye safuna kuzula ana pamanda a bambo awo popanda chifukwa. Akadzapeza zili monga lero, adzatenga ana. Mlongo wanga anati kumene kupite ana ake ndi kumene apite iye.

Ndinamufunsa titatsala awiri ngati akundiimba mlandu. Anati, “Munabadwa choncho, achimwene. Ngakhale mayi ankanena.” Ndiye anafunsa ngati mbiya yotsalayo ikadali yamphumphu.

Ndaganiza zambiri za Lamulungu lija. Chilolezo chinali cholakwika, ndipo pa chimenecho sindinasinthe maganizo. Ndinapita kukanena zoona kwa anthu amene ntchito yawo ndi kusunga zoona m'mabuku, ndipo sindinabe, sindinabise, sindinanyoze lamulo. Komabe ndikanakhala pansi n'kudya mbatata ija, ana atatuwa bwenzi lero akukhuta. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo ndalephera kuzigwirizanitsa. Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri masana, ndipo mphepo yotentha ya Okutobala yafika.

Chotero ine, mwini dzina lolembedwa pa chilolezo cha nyumba ya pansi pa migwalangwa iwiri, ndikupempha mwaulemu akuluakulu a maofesi onse awiri, kapena aliyense amene ali pamwamba pawo amene mawu awa angamufike, kuti andiyankhe polemba funso limodzi: nyumba ya mlongo wanga ili tsidya liti la Shire? Mukati kum'mawa, ndivomera. Mukati kumadzulo, ndivomeranso. Ofesi imene ivomere kuti nyumbayo ndi yake ipereke chilolezo, kapena ikane ndi kutchula chifukwa chake, ndipo ulimba ubwezedwe ndi timatabwa timene tatsala, pamodzi ndi kaja ka pazenera. Mapepala onse amene ndatchula ndili okonzeka kuwabweretsa tsiku lililonse limene mungandiitane. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe mvula yoyamba isanagwe.